Kasamalidwe ka Makompyuta ndi Netiweki Zake

Nkhani yathu lero ndi ya makompyuta, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mwatambasula kale dzanja kuti mutseke wailesi, poganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu a m'maofesi a m'tauni okha. Taimani pang'ono. Ngati mudalandirapo ndalama pafoni, ngati muli ndi chiphaso chaunzika, ngati mwana wanu adalembetsa mayeso, ndiye kuti kwinakwake kuli kompyuta imene ikukusungirani kanthu. Tsiku limene kompyutayo idzafe, mavuto ake adzakupezani pakhomo panu pomwepo.

Tidaziona kwathu konkuno kumayambiriro kwa 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo. M'mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pamakompyuta zidalowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kuti zimafuna dipo, ndi kuti boma silidzalipira. Amene adali ndi ulendo wa kusukulu, wa malonda kapena wa kuchipatala chakunja adangoti kakasi.

Kodi mbava zotere zimalowera pati? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tipite ku England, kumene nkhani yofanana nayo idafufuzidwa mpaka pamizu.

Choyamba timvetse ichi. Kompyuta imagwira ntchito potsata malangizo otchedwa pulogalamu, ndipo malangizowo amalembedwa ndi anthu. Pulogalamu yaikulu monga Windows ili ndi mizere ya malangizo mamiliyoni ambiri, kotero kuti n'kosatheka kuti isakhale ndi zolakwika. Zolakwika zina zili ngati mng'alu pakhoma la nyumba: mwini nyumba sauona, koma khoswe amaupeza. Kampani yopanga pulogalamu ikazindikira mng'alu wotere imatulutsa kapulogalamu kakang'ono kotsekera, kamene ife pano tikatcha chigamba. Udindo wa kampani umathera pamenepo. Kumata chigambacho pakompyuta iliyonse ndi ntchito ya mwini wake.

Pa 14 Malichi 2017 kampani ya Microsoft idatulutsa chigamba cha mng'alu woopsa umene udali m'njira imene makompyuta a Windows amagawirana makalata ndi makina osindikizira mapepala muofesi. Chigambacho chidali chaulere. Padapita miyezi iwiri. Lachisanu pa 12 Meyi kachilombo ka pakompyuta kotchedwa WannaCry kadabuka, ndipo m'masiku ochepa kadagwira makompyuta opitirira 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Kachilomboka sikadafune kuti munthu atsekule kalata yachinyengo kapena kudina paliponse ayi. Kakalowa m'kompyuta imodzi kankayang'ana kokha makompyuta ena olumikizana nayo, n'kulowera pamng'alu uja, monga moto wolusa udumphira kuchoka padenga lina la udzu kupita palina. Kenaka kankatseka makalata onse a m'kompyutamo mwa njira yoti sangawerengeke, n'kulemba uthenga pagalasi woti mwini wake alipire madola 300 m'ndalama za paintaneti za bitcoin. Mtundu wotere wa kachilombo kofuna dipo akatswiri amautcha ransomware.

Zipatala za boma za ku England, za bungwe la NHS, ndizo zidamva kuwawa koposa. Mwa mabungwe 236 oyendetsa zipatala m'dzikomo, pafupifupi limodzi mwa atatu alionse lidakhudzidwa. Madokotala adalephera kuona mbiri ya odwala, maambulansi ena adabwezedwa kuti akayese kwina, ndipo nthawi zoonana ndi dokotala kapena zochitira opaleshoni zokwana ngati 19,000 zidalephereka. Boma la Britain lidawerengera pambuyo pake kuti lidataya mapaundi pafupifupi 92 miliyoni. Ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma kumeneko idapeza kuti zipatalazo zidachenjezedwa mu Malichi ndi mu Epulo kuti zimate chigamba chija, koma zambiri sizidatero.

N'kosavuta kunena kuti anthuwo adali aulesi, ndipo ambiri adanenadi choncho. Ine ndikuona kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa pamenepo. Pomata chigamba, kawirikawiri kompyuta iyenera kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso, pamene chipatala sichigona usana ndi usiku. Makina ena ojambulira m'thupi mwa munthu ali ndi kompyuta yawoyawo mkati, imene saloledwa kuikhudza wina aliyense koma kampani imene idawapanga. Mapulogalamu ena akale amakana kugwira ntchito pa Windows watsopano, motero ofesi imakakamira wakale. Pamwamba pa zonsezi, ntchito yosamala siioneka. Munthu wogula makompyuta atsopano amajambulidwa zithunzi pamwambo wolandirira katunduyo, koma amene wakhala mpaka usiku akumata zigamba palibe womuthokoza, pakuti m'mawa mwake zonse zimangooneka monga zidalili dzulo. Chuma chikachepa, ndalama za ntchito yosaonekayi ndizo zimayamba kudulidwa. Zili chimodzimodzi ndi kufolera denga m'mwezi wa Seputembala, kumwamba kuli mbee.

WannaCry adaimitsidwa mwamwayi. Mnyamata wina wa ku England wa zaka 22, Marcus Hutchins, posanthula kachilomboka adaona kuti kasanayambe kuononga kamafunafuna adiresi ina ya paintaneti imene idalibe mwini. Iye adailembetsa adiresiyo ndi ndalama zosakwana madola 11, osadziwa kuti kachilomboka kadalembedwa moti kakaipeza adiresiyo ili yamoyo, kaleke. Kufalikira kudazilala tsiku lomwelo. Koma mwayi wotere sauika m'ndondomeko ya ntchito.

Tsono wina anganene kuti, basi, chigamba chilichonse chikangofika tizimata nthawi yomweyo pamakompyuta onse. Apanso pali dzenje. Pa 19 Julayi 2024, limenenso lidali Lachisanu, kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike idatumizira makasitomala ake onse nthawi imodzi kachigamba kamene kadali ndi cholakwika. Microsoft idawerengera kuti makompyuta okwana 8.5 miliyoni adakomoka. Ndege zidalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zidasokonezeka, ndipo makompyuta ambiri adafunika kuti munthu awakonze ndi manja, imodziimodzi. Panalibe mbava tsiku limenelo. Mlonda yemwe ndiye adagwetsa mpanda. Mlimi wanzeru akalandira mbewu yachilendo sabzala munda wonse, amayamba wayesa pakandime kakang'ono. Wosamala makompyuta nayenso amayamba ndi makompyuta ochepa, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri, akaona kuti zili bwino n'kupitiriza ndi ena onse, ali ndi njira yobwerera m'mbuyo zikavuta. Chofunika n'chakuti kudikirako kukhale kwa masiku, osati miyezi iwiri.

Tibwere tsopano pankhani imene ndikuiyesa yaikulu koposa zonse, ya kusunga makope. Masabata asanu ndi umodzi chichitikire za WannaCry, pa 27 Juni 2017, kachilombo kena kotchedwa NotPetya kadabukira ku Ukraine kudzera m'pulogalamu yowerengera misonkho. Aka kadali koipa koposa, pakuti ngakhale munthu akadalipira dipo, makalata ake sakadabwerera. Mwa makampani amene kadawagwira padali Maersk ya ku Denmark, mwini wa zombo zonyamula makontena onga aja amafika pamadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. M'kanthawi kochepa makompyuta a kampaniyi padziko lonse adazima, ndipo magalimoto adandandalika pazipata za madoko, osadziwa kontena yoti atsitse kapena kunyamula.

Chimene chidaopsa akatswiri a Maersk ndi ichi. Netiweki yaikulu imakhala ndi makompyuta apadera osunga kaundula wa ogwira ntchito onse, mawu awo achinsinsi, ndi malo amene aliyense aloledwa kufika. Popanda kaundulayo netiweki siidzuka. Maersk idali nawo makompyuta otere ochuluka m'mayiko osiyanasiyana, onse okoperana, ndipo ankaganiza kuti imodzi ikafa zinzake zidzaipulumutsa. Sadaganize zoti onse angafe nthawi imodzi, ndipo n'zimene zidachitika. Atafunsa ofesi ndi ofesi adapeza imodzi yokha yamoyo, kuofesi ina ya kumadzulo kwa Africa kuno. Idapulumuka chifukwa chakuti kachilomboka pofika, magetsi kumeneko adali atazima, kompyutayo ili yosalumikizika. Inu ndi ine amene timadandaula za kuzima kwa magetsi tingamwetulire pang'ono pamenepa. Kuchokera m'kope limodzi limenelo kampaniyo idamanganso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku ngati khumi, itataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni.

Kope lolumikizidwa kunetiweki nthawi zonse lili ngati nkhokwe yomangidwa mogundana ndi khitchini. Moto ukabuka zipsera pamodzi. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, osungidwa pazipangizo za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kunyumba ina, losalumikizidwa kulikonse. Kusukulu kapena kuofesi yaing'ono zimenezi sizifuna chuma chambiri: disiki yonyamula m'manja, yokoperapo Lachisanu lililonse, yochotsedwa pakompyuta ndi kukatsekeredwa m'kabati ya chipinda china. Komanso kopelo liziyesedwa. Maofesi ambiri azindikira patsiku la tsoka kuti disiki imene ankaidalira idasiya kulemba kalekale, monga mbewu yosungidwa m'chikwatu imene anankafumbwe adaidya mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Kamodzi pamiyezi ingapo, wina atenge kopelo ayese kubwezeretsa makalata ake pakompyuta ina, aone ngati akutsekuka.

Khomo lina limene mbava zimakonda ndi la mawu achinsinsi, aja ambiri amati pasiwedi. Mu Meyi 2021 kampani ya Colonial Pipeline, imene mapaipi ake amanyamula pafupifupi theka la mafuta a galimoto ndi ndege a kugombe la kum'mawa kwa America, idatseka mapaipiwo kwa masiku angapo ndipo idalipira dipo la madola 4.4 miliyoni. Mbavazo zidalowa ndi pasiwedi imodzi ya akaunti yakale imene sinkagwiranso ntchito koma idaiwalika osatsekedwa. Akauntiyo idalibe loko wachiwiri, ndiye kuti nambala ija imabwera pafoni kapena pakachipangizo kena kutsimikiza kuti wolowayo ndi mwini wakedi. Wantchito akachoka kapena kusamutsidwa, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, monga momwe amabwezera makiyi a ofesi. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, yaitali, yosalembedwa pakapepala komata pagalasi. Ndipo kalaliki wolemba malisiti asapatsidwe mphamvu zofika m'kaundula wa malipiro, osati chifukwa chomukayikira, koma kuti akaunti yake ikabedwa wakubayo apeze zitseko zina zili zokhoma. Netiweki nayonso igawidwe m'zigawo, monga alonda a nkhalango alambulira misewu yotchinga moto: makompyuta a alendo kwaokha, a zachuma kwaokha. Kwa inu a kumudzi lamulo lake ndi lomwelo pa nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni. Woimba foni wofunsa nambala imeneyo, ngakhale adzitche bwana wa kukampani, ndi wakuba.

Adani ena alibe nzeru koma amaononga chimodzimodzi. Fumbi la mu Okutobala limatseka timabowo topitira mpweya, kompyuta n'kutenthedwa mpaka kufa. Mphenzi za m'dzinja zimayenda m'mawaya a magetsi ndi a netiweki omwe. Makoswe amatafuna mawaya a kudenga. Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ili mkati molemba, zolembazo zimatha kuonongeka, ndipo ichi n'chifukwa chake seva imafuna bokosi la batire lotchedwa UPS, loipatsa mphindi zochepa zoti izimitsidwe mwadongosolo. Mabatire ake amatha mphamvu pakapita zaka zitatu kapena zisanu, tsono nawonso aziyesedwa. Wotsekula kompyuta kuti apukute fumbi ayambe wazula waya kukhoma, ndipo kabokosi kolandirira magetsi ka mkatimo asakatsekule konse, pakuti kamasunga mphamvu yotha kuvulaza munthu ngakhale waya atazulidwa.

Nanga tsoka likagwa, uthenga wofuna dipo uli pagalasi? Choyamba zulani waya wa netiweki ndi kudula Wi-Fi pakompyutayo kuti moto usafalikire. Musafufute kanthu, ndipo musalumikize disiki ya makope pakompyuta yodwalayo poti muone ngati ili bwino, chifukwa nayonso idzagwidwa. Uzani akuluakulu msanga. Wantchito woopa kukalipiridwa akabisa kwa maola awiri, kachilombo kamakhala katamaliza nyumba yonse, motero bwana wanzeru sakalipira wobweretsa uthenga wotere. Kulipira dipo sikutsimikiza kuti makalata abwerera. Lamulo la dziko lino la 2016 lokhudza malonda a pamakina ndi chitetezo cha paintaneti lidakhazikitsa gulu lothandiza pangozi zotere, lotchedwa Malawi CERT, pansi pa bungwe la MACRA, ndipo kumeneko ndi kupolisi ndiko kokanena. Manambala a foni a anthu oyenera kuitanidwa alembedwe papepala ndi kupachikidwa pakhoma, pakuti tsiku limenelo kompyuta imene mudawasungamo idzakhala yotseka.