Nthambo zikuluzikulu za magetsi ndi khansa ya m'magazi mwa ana

Magetsi akamayenda m'nthambo, pamabadwa mphamvu ya maginito yosaoneka ndi maso, yomwe imadutsa ngakhale makoma a nyumba. Nkhawa yoti mphamvuyi ingayambitse khansa ya m'magazi mwa ana inabuka m'chaka cha 1979, Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper atafalitsa kafukufuku yemwe anachita mumzinda wa Denver ku America.

M'chaka cha 2000, akatswiri anaphatikiza zotsatira za m'maiko angapo. Anapeza kuti m'nyumba momwe mphamvuyi imafika ma microtesla 0.4 tsiku ndi tsiku, chiopsezo cha ana chinali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nyumba zotere n'zochepa, ndipo matendawa sagwira ana ambiri. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mphamvuyi m'gulu la 2B, la zinthu zongokayikiridwa chabe, poti kuyesa pa nyama sikunaonetse kuti imayambitsadi khansa. Mu 2007 bungwe la WHO linati umboniwo ndi wosakwanira, koma linalimbikitsa njira zosalira ndalama zambiri zochepetsera kukhudzana ndi mphamvuyi.

Njira yoyamba ndiyo kutalikira, chifukwa mphamvuyi imazilala msanga munthu akamachoka pa nthambo. Alimi ndi amalonda asamange nyumba, makola kapena mabenchi ogulitsira pansi pa nthambozi. Pamenepo palinso ngozi yosakayikitsa, ya kugwidwa ndi magetsi.

Mwana wotentha thupi pafupipafupi, wotuwa m'manja, wotuluka magazi m'nkhama kapena womva kuwawa m'mafupa apititsidwe kuchipatala msanga, kaya amakhala pafupi ndi nthambo kapena ayi.