Rummikub: Masewera a Manambala Omwe Alowa M'foni

ULONGUE — Mwa masewera omwe achinyamata akuwapeza m'mafoni masiku ano muli ena otchedwa Rummikub. Ambiri amayesa kuti ndi atsopano. Ayi ndithu. Masewerawa ndi akale, ndipo poyamba ankawapanga ndi manja.

Yemwe anawayambitsa ndi Ephraim Hertzano, Myuda wobadwira m'dziko la Romania. Mbiri ya masewerawa imati m'zaka za m'ma 1940 boma la chikomyunizimu kumeneko linaletsa kusewera makhadi a njuga. Bamboyu anaganiza zolemba manambala pa tizidutswa tolimba m'malo mwa makhadi. Atasamukira ku Israel, iye ndi banja lake ankapanga tizidutswato kuseri kwa nyumba yawo, n'kumagulitsa khomo ndi khomo. Malonda anakula pang'onopang'ono. M'chaka cha 1977 masewerawa anagulidwa kwambiri ku America, ndipo mu 1980 anapata mphoto ya Spiel des Jahres ku Germany, yomwe imaperekedwa kwa masewera opambana a chaka.

Nanga amaseweredwa bwanji? Tizidutswa tilipo 106. Pa 104 palembedwa manambala kuyambira 1 mpaka 13, m'mitundu inayi: wakuda, wofiira, wabuluu ndi wachikasu. Nambala iliyonse ya mtundu uliwonse ilipo kawiri. Tiwiri totsalato tili ndi kankhope, ndipo timalowa m'malo mwa nambala iliyonse. Osewera amakhala awiri, atatu kapena anayi. Aliyense amatola 14 n'kubisa kuti anzake asaone.

Cholinga ndi kutsiriza tizidutswa tako anzako asanatero. Umayala pa tebulo titatu kapena kuposerapo. Tikhale manambala otsatana a mtundu umodzi, monga 5, 6, 7 ofiira, kapena nambala imodzi m'mitundu yosiyana. Kuyala koyamba kuyenera kukwana 30 ukawonkhetsa: 9, 10 ndi 11 akwana, koma 1, 2 ndi 3 ayi. Ukasowa choyala, umatola kachidutswa kena pa mulu.

Kukoma kwake kuli apa. Ukangoyala koyamba, uli ndi ufulu wophwasula zomwe anzako anayala kale. Tiyerekeze kuti pa tebulo pali 4, 5, 6, 7 ofiira, ndipo iwe uli ndi 4 wakuda ndi 4 wabuluu. Umachotsa 4 wofiirayo n'kumuphatika ndi ako awiri aja. Pa tebulo patsala 5, 6, 7, zomwe zikadali zololedwa, ndipo iwe wapepukidwa ndi tiwiri. Akatswiri amaphwasula mizere itatu kapena inayi nthawi imodzi, bola pomaliza pasatsale kachidutswa kopanda mzere. Odziwa ntchuwa amvetsa msanga, chifukwa nakonso munthu amawerengera mumtima asanagwire mwala. Mwana yemwe wasewera kangapo sachedwanso kuwonkhetsa 13 ndi 12.

Tsopano masewerawa alowa m'foni ndi m'kompyuta. Munthu amatha kusewera ndi makina, kapena kudzera pa intaneti ndi anthu a m'maiko ena omwe sanawaonepo. Foni imagawa tizidutswa, imawerengera yokha, imakana mzere wolakwika ndiponso imayeza nthawi ya wosewera aliyense. Mikangano ya kubera palibe. Komatu kuwerengera komwe foni yatengako ndi komwe kukadanola mutu wa mwana.

Ku Turkey kuli masewera ofanana nawo otchedwa Okey, a tizidutswa 106 omwewo, omwe abambo amasewera m'nyumba zomwera tiyi ndi khofi. Nawonso analowa m'foni. Mu 2017 kampani ya ku America ya Zynga inalipira madola 100 miliyoni pogula masewera a makhadi ndi a Okey a kampani ya Peak Games ya ku Istanbul.

Owerenga athu angafunse kuti ndalama zonsezi zimachokera kuti, popeza masewerawa amalowetsedwa m'foni mwaulere. Zina zimachokera ku malonda omwe amalengezedwa pakati pa masewera. Zina zimachokera ku timakobiri ta m'masewera. Kuti ukhale pa tebulo umaikapo timakobiriti, ukagonja tapita. Tikatha, amakuuza kudikira kapena kugula tina ndi ndalama zenizeni. Timakobiri timeneti sitigula mchere pa msika, ndipo sitibwereranso kukhala meticais. N'zodabwitsa kuti masewera omwe anabadwa pothawa chiletso cha njuga lero akununkhiza njuga. Onjezanipo mamega ndi ndalama yotchajitsa foni, ndipo muona kuti makolo ayenera kudziwa zomwe ana akuchita ndi foni ya pakhomo.

Komabe Rummikub sifuna netiweki. Kalipentala aliyense wa ku Angonia, Tsangano kapena Macanga angathe kudula timatabwa 106 tofanana kukula, ndipo aphunzitsi angagwiritse ntchito katoni yolimba. Penti ya mitundu inayi ikasowa, ikani chizindikiro pansi pa nambala: mtanda, kadontho, kamzere kapena kanyenyezi. Chofunika kusamala ndi kumbuyo kwake. Kukhale kofanana pa tonse, chifukwa kathabwa kamodzi kakakhala ndi mfundo kapena mng'alu, ana amakaloweza tsiku loyamba lomwelo.