Kafukufuku amene anathandiza kugwetsa vakabu anachitikira konkuno ku Blantyre

Pa Facebook mkanganowu sutha: kodi uhule ndi mlandu m'Malawi muno? Wina amati eya, wina amati ayi, kenako n'kuyamba kutukwanizana. Ine lero sindikukamba za tchimo, zimenezo tiwasiyire abusa ndi mashehe. Ndikukamba za lamulo, komanso za anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza mmene lamulolo limagwirira ntchito pa anthu enieni a ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa.

Inde, ilipo ntchito yotero. Pali anthu ophunzira amene moyo wawo wonse amafufuza za amayi oyendayenda, milandu yogwiririra, apolisi ndi makhoti. Ena amawaseka kuti anasowa chophunzira. Koma taonani zimene kafukufuku mmodzi anachita mumzinda wathu uno.

Mu 2013, bungwe la CHREAA la kuno ku Blantyre pamodzi ndi la Southern Africa Litigation Centre la ku Johannesburg anatulutsa lipoti lotchedwa No Justice for the Poor. Funso lawo linali losavuta: apolisi akamasesa usiku, amatola ndani, nanga pa mlandu wanji? Ofufuzawo sanakhale muofesi n'kumalota. Anaona zolembedwa za kupolisi, anacheza ndi apolisi eni ake komanso anthu amene anagonapo m'chitokosi. Zimene anapeza n'zoti lamulo la vakabu limagwera amphawi: mavenda, ana a mumsewu, amayi oyendayenda. Woyenda pa galimoto yake usiku silimamukhudza.

Vakabuyo si wathu n'komwe. Anachokera ku lamulo la ku England la 1824, atsamunda n'kudzaliika m'malamulo athu a milandu. Gawo 184(1)(c) linkalola wapolisi kukumanga chifukwa chongokukayikira malo ndi nthawi imene wakupezera, ngakhale usanabe kanthu.

Mu Marichi 2015, venda wina, a Mayeso Gwanda, anamangidwa mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. M'malo movomera mlandu n'kulipira faindi ngati ambiri, iwo anatengera nkhaniyi ku khoti lalikulu. Pa 10 Januwale 2017, majaji atatu, a Mtambo, a Kalembera ndi a Ntaba, anagamula kuti gawo limenelo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Vakabu wa mtundu umenewo anathera pomwepo. Mu 2020 khoti la ufulu wa anthu la mu Africa, limene lili ku Arusha, linanenanso kuti malamulo otere m'maiko a mu Africa amaphwanya ufulu wa anthu.

Nanga funso lathu lija? Apa pali gawo 146, limene limakamba za mayi wodyera ndalama za uhule. Apolisi ankaligwiritsa ntchito pomanga amayi oyendayenda. Mu 2016 ku Dedza, amayi 19 anatoledwa m'malo ogona alendo, n'kulamulidwa kulipira K7,000 aliyense. Nkhaniyi itafika ku khoti lalikulu ku Zomba, jaji Zione Ntaba anafafaniza chigamulocho. Anafotokoza kuti gawoli cholinga chake ndi kugwira amene amadyera masuku pamutu amayiwa, osati mayi amene akudya thukuta la thupi lake. Mwachidule: munthu wamkulu kugonana ndi wamkulu mnzake n'kulandira ndalama, pakokha si mlandu.

Koma musathamange, abale. Kutsegula nyumba yochitiramo uhule ndi mlandu. Kudyera ndalama za wina amene akuchita uhule ndi mlandu. Kulowetsa mwana m'zimenezi ndi mlandu waukulu zedi, ndipo kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Palinso lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, limene limakhudza aja onamiza atsikana a kumudzi kuti akawapezera ntchito m'tauni, mapeto ake n'kuwatsekera kuseri kwa bala.

Mwina mukuti, ine zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani pawiri. Choyamba, galimoto ya polisi ikamasesa sifunsa ntchito yanu. Wochokera ku shifiti ya usiku ku Makata akubwerera ku Ndirande wapansi, kapena mayi wolawirira kukapikula tomato, onse ankalowa m'gulu lomwelo. Chachiwiri, mayi amene akuopa kuti akafika pa polisi amangidwa ndi iyeyo, sakanena akagwiriridwa kapena kumenyedwa. Wogwiririrayo amatsala akuyenda mfulu m'dera lomwelo limene mlongo wanu amadutsa. Chimbalangondo sichisankha.

Kuti muone pamene zinthu zimafika, kumbukirani za ku Mwanza. Mu 2009 amayi 11 anamangidwa, anawayeza HIV mokakamiza, zotsatira zake n'kuziwerenga poyera m'khoti. Mu 2015 jaji Dorothy Kamanga, kuno ku Blantyre, anagamula kuti zimenezo zinali kuphwanya ufulu wawo. Panadutsa zaka 6 kuti chilungamo chioneke.

Kwa inu achinyamata amene mukuganiza za sukulu, njira yolowera ntchito imeneyi ilipo. Ena amadzera ku zamalamulo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ena ku maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ena ku zaumoyo ku KUHeS pompano pafupi ndi chipatala cha Queens. Koma si ntchito ya miseche ayi. Kafukufuku wokhudza anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona kuti wofunsidwa asavulazidwe. Umapempha chilolezo cha munthuyo, dzina lake umabisa, ndipo zimene wakuuza suziponya pa gulu la WhatsApp. Umafunikanso mtima woleza, chifukwa kuchokera pa lipoti la 2013 kufika pa chigamulo cha a Gwanda panatenga pafupifupi zaka 4.

Ndipo chigamulo cha khoti sichiyenda chokha kukafika ku Machinjiri. Chimafika ngati anthu akuchidziwa. Mukamangidwa, muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake, wokhala chete, komanso wofikitsidwa ku khoti pasanathe maola 48. Musavomere mlandu umene simukuumvetsa pongofuna kutuluka msanga, chifukwa faindi imatha koma dzina lanu limatsala m'mabuku. Auzeni ndi anzanu.