Nayitrojeni wa m'timibulu ta soya amayezedwa bwanji? Ntchito ya Robert Burris

Lipoti la kafukufuku likanena kuti soya kapena nandolo wakola makilogalamu akutiakuti a nayitrojeni pa hekitala, mlangizi ayenera kufunsa kuti nambalayo yapezeka bwanji. Nayitrojeni saoneka ndi maso. Amene mbewu yatenga mumpweya ndi amene yayamwa m'nthaka amafanana akalowa m'tsamba, ndipo kubiriwira kwa munda sikuulula kumene chakudyacho chachokera. Njira zosiyanitsira ziwirizi zinakhazikika makamaka chifukwa cha ntchito ya Robert H. Burris, katswiri wa sayansi ya mmene zamoyo zimagwirira ntchito m'kati mwake, wa pa yunivesite ya Wisconsin mumzinda wa Madison ku America. Anatha zaka zoposa 50 akufufuza enzaimu imodzi ya mabakiteriya yotchedwa nitrogenase. Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi la chamoyo, ndipo ntchito ya iyi ndi kusandutsa nayitrojeni wa mumpweya kuti akhale chakudya cha mbewu.

Burris anabadwa mu 1914 ku Brookings m'chigawo cha South Dakota. Anapita ku Madison mu 1936 kukaphunzira pansi pa Perry Wilson, namaliza digiri ya udokotala mu 1940. Pa nthawiyo zinali zitadziwika kale, kuyambira zaka za m'ma 1880 pamene Hellriegel ndi Wilfarth anachita kafukufuku wawo ku Germany, kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimapeza nayitrojeni kudzera m'timibulu ta kumizu, mmene mumakhala mabakiteriya. Chovuta chinali muyeso. Ofufuza ankayeza nayitrojeni yense pa chiyambi ndi pa mapeto n'kuchotsera. Phindu likakhala laling'ono linkasokonezeka ndi zolakwika za muyeso womwewo, motero panali malipoti ambiri onena kuti chomera ichi kapena icho chimakola nayitrojeni, popanda wotha kutsimikiza kapena kutsutsa.

Kuika chizindikiro pa mpweya

Atamaliza maphunziro, Burris anakakhala kanthawi ku yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York, kwa Harold Urey, amene ankadziwa kupatula mtundu wa nayitrojeni wolemererapo wotchedwa N-15. Mumpweya wamba, pa maatomu 1,000 a nayitrojeni, a N-15 sakwana 4. Burris anaona kuti akaonjezera mtunduwu mumpweya wa m'botolo lotseka, n'kuikamo mabakiteriya kapena timibulu, ndiye kuti N-15 wopyola muyeso wamba akapezeka m'thupi mwawo palibenso mtsutso: wachokera mumpweyawo. Zili ngati kuthira maso a chimanga chofiira m'thumba la chimanga choyera. Kulikonse kumene maso ofiirawo apezeke, gwero lake ladziwika. Anafalitsa njirayi mu 1941, ndipo malipoti angapo akale atayesedwa nayo anagwa.

Njira yomweyo inathetsa mkangano wina waukulu. Artturi Virtanen wa ku Finland, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1945, ankakhulupirira kuti nayitrojeni wokoledwa amadutsira m'chinthu chotchedwa hydroxylamine. Wilson ndi Burris ankati amadutsira mu amoniya. Popatsa mabakiteriya N-15 kwa kanthawi kochepa n'kufufuza kumene wayambira kuonekera, gulu la ku Wisconsin linasonyeza kuti ndi amoniya. Kwa mlimi tanthauzo lake n'lapafupi: chimene timibulu timapanga n'chomwecho chimene yureya amasanduka akalowa m'nthaka yonyowa.

N-15 ndi wodula ndipo amafuna makina apamwamba. Mu 1966, Burris ndi Robert Schöllhorn, komanso Michael Dilworth wa ku Australia payekha, anapeza kuti nitrogenase imagwiranso asetilini, mpweya uja owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito. Dilworth anasonyeza kuti enzaimuyi imausandutsa etilini, mpweya umene umapsetsa nthochi, ndipo etilini savuta kuyeza ngakhale atachepa kwambiri. Kuyambira pamenepo wofufuza ankatha kuzula mbewu, kuika mizu m'botolo, kuthiramo asetilini n'kudziwa tsiku lomwelo ngati enzaimu ikugwira ntchito. Mu 1967 Burris ndi anzake anaigwiritsa ntchito panja, m'nyanja ndi m'nthaka za ku Wisconsin, ndipo inafala dziko lonse. Koma njira yophweka ili ndi msampha wake. Imangoonetsa zimene zikuchitika pa ola limenelo, pa mizu yosokonezedwa, ndipo kusandutsa zotsatirazo kukhala makilogalamu pa hekitala pa nyengo yonse kumalakwika msanga. Burris mwini ankaumirira kuti muyeso wa asetilini uzitsimikizidwa ndi N-15. Lipoti limene nambala yake yachokera pa asetilini yekha liwerengedwe mosamala.

Enzaimu yodya kwambiri

Mbali yaikulu ya moyo wake wa kafukufuku inathera pa enzaimuyo, makamaka ofufuza a kampani ya DuPont atakwanitsa mu 1960 kuitulutsa mu bakiteriya wa Clostridium pasteurianum ikugwirabe ntchito. Nitrogenase ili ndi mapuloteni awiri. Imodzi ili ndi ayironi, ndipo imapatsira mphamvu inzake. Inayo ili ndi ayironi ndi molybdenum, ndipo ndi pamene nayitrojeni amaswedwa. Kuswako n'kovuta chifukwa maatomu awiri a nayitrojeni wa mumpweya ndi omangana zolimba kwambiri. Fakitale ya feteleza imawalekanitsa ndi moto wa madigiri oposa 400 ndi kupanikiza kwakukulu. Bakiteriya amachita zomwezo m'nthaka yozizira, koma amalipira: pa molekyulu iliyonse ya nayitrojeni pamapita mamolekyulu osachepera 16 a ATP, chonyamulira mphamvu m'maselo a zamoyo zonse.

Palinso mphamvu imene imangotayika. Nitrogenase ikamagwira ntchito imatulutsa mpweya wa hayidirojeni, ndipo ofufuza ena ankayembekezera kuti kutayikaku kungatsekedwe. Mu 1984 Frank Simpson ndi Burris anapanikiza enzaimuyi ndi nayitrojeni wochuluka kuwirikiza ka 50 kupanikiza kwa mpweya wamba, koma inapitirizabe kutulutsa pafupifupi molekyulu imodzi ya hayidirojeni pa molekyulu iliyonse ya nayitrojeni. Ndi mmene inapangidwira basi.

Mphamvu yonseyi imachokera ku shuga amene masamba amapanga ndi dzuwa. N'chifukwa chake mawu oti nayitrojeni wa mbewu za mtundu wa nyemba ndi waulere amasocheretsa pang'ono. Soya wotchingidwa ndi chimanga chachitali, womera m'udzu kapena wofota ndi ng'amba satumiza shuga wokwanira kumizu, ndipo timibulu timachepetsa ntchito. ATP nayenso ali ndi fosiforasi m'kati mwake, ndipo timibulu timafuna fosiforasi wambiri. Pa nthaka yosowa fosiforasi, inokulanti yekha angakhumudwitse mlimi ngakhale mabakiteriya ake ali amoyo. Pa nthaka ya asidi wambiri molybdenum amamatirira ku dothi osafika kumizu, vuto limene laimu amachepetsa.

Nitrogenase imaonongekanso ikakumana ndi okosijeni, pamene bakiteriyayo amafuna okosijeni yemweyo kuti apeze mphamvu. Kambulu kamathetsa vutoli ndi puloteni yofiira, yofanana ndi ya m'magazi, imene imapereka okosijeni pang'onopang'ono. Burris analembapo za utoto umenewu mu 1944. Apa mlimi wachitsanzo ali ndi muyeso wake wosalira makina: kukumba mbewu ndi khasu pamene yayamba maluwa, osaizula ndi dzanja chifukwa timibulu timatsalira m'nthaka, n'kudula tingapo ndi lumo. Kofiirira m'kati kakugwira ntchito. Koyera n'kosakhwima kapena kopanda phindu, ndipo kobiriwira kakalamba. Kuwerenga timibulu osatidula n'kuchita theka la ntchito. Munda wodikha madzi nawo umatsamwitsa timibulu, chifukwa mpweya sufika.

Chinthu chodula chotere chamoyo sichichiyendetsa pachabe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Burris ndi wophunzira wake Paul Ludden anafufuza bakiteriya wa m'madzi wotchedwa Rhodospirillum rubrum, amene amazimitsa nitrogenase yake akangopeza amoniya wokonzeka kale, n'kuiyatsanso amoniyayo akatha. Pa soya ndi nyemba njira yake ndi ina, chifukwa ndi mbewuyo imene imachepetsa timibulu ikapeza nayitrojeni wambiri m'nthaka, koma zotsatira zake n'zimodzimodzi. Wothira yureya wambiri pa soya wothiridwa inokulanti wagula chimene akanapeza m'timibulu, n'kutigonekanso.

M'zaka zomwezo Johanna Döbereiner wa ku Brazil anafalitsa za mabakiteriya okola nayitrojeni okhala pa mizu ya udzu ndi chimanga, amene lero amatchedwa Azospirillum. Chiyembekezo chinali chachikulu, choti mwina chimanga chidzasiya kufuna feteleza. Gulu la Burris linawayesa pa chimanga ku Wisconsin, ndipo nayitrojeni amene ankakola anali wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'timibulu ta soya. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti mabakiteriyawa akathandiza mbewu, nthawi zambiri amatero pokulitsa mizu. Mlangizi akabweretseredwa mankhwala ogulitsidwa ndi lonjezo loti chimanga chizidzikolera nayitrojeni, afunse ngati anayesedwa ndi N-15, pa nthaka yanji, ndiponso poyerekeza ndi chiyani.

Burris analandira National Medal of Science ya dziko la America komanso mphotho ya Wolf ya zaulimi, anaphunzitsa ophunzira a udokotala oposa 70, ndipo anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 96.

Minda yambiri ya kafukufuku masiku ano sithira N-15 wogula. Imadalira kusiyana kwachilengedwe: nayitrojeni wa m'nthaka amakhala ndi N-15 wochulukirapo pang'ono kuposa wa mumpweya. Mbewu yokola kwambiri imafanana ndi mpweya, ndipo yodalira nthaka imafanana ndi nthaka. Kuti muyeso utheke pamafunika chomera chosakola nayitrojeni, monga chimanga kapena udzu, chomera pa nthaka yomweyo pa nyengo yomweyo. Ofufuza akasiya mzere wa chimanga kapena tchire lochepa pambali pa soya m'munda wa mlimi wachitsanzo, lisapalidwe, lisathiridwe manyowa kapena feteleza, ndipo mbuzi zisafikepo. Likaonongeka, zitsanzo za soya za munda wonsewo zimasowa choyerekezera.

Nambala ikatuluka, iwerengedwe pamodzi ndi ina: nayitrojeni amene wachoka m'munda ndi zokolola. Pa soya gawo lalikulu limapita ndi njere kumsika, ndipo mapesi akatenthedwa kapena kutsala kopunthira, nthaka imatsala ndi zochepa ngakhale timibulu tinali tofiira bwino. Nandolo amasiya zambiri chifukwa amayoyola masamba m'munda momwemo asanakololedwe.