Liwu limodzi la Chingerezi lidamanitsa mudzi mjigo

Amalume anga ndi mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timaitcha VDC, kudera la mfumu yaikulu Kadewere m'boma la Chiradzulu. Sukulu adalekezera Fomu 2, ndipo kumudziko kalata iliyonse ya Chingerezi imafikira m'manja mwawo.

Tsiku lina adalandira uthenga wa pafoni kuchokera ku bungwe lina lomwe limafuna kukumba mijigo m'deralo. Msonkhano wosankha midzi yoti ipindule udayenera kuchitika Lachinayi, koma uthengawo udati tsiku lasintha: "The meeting has been brought forward to Tuesday."

Amalume ataona liwu loti "forward" sadachite kufunsa. Kwa iwo liwuli ndi kutsogolo, ndipo kutsogolo ndi masiku omwe sadafike. Adauza anzawo a m'komiti kuti msonkhano wakankhidwira Lachiwiri la sabata yotsatira.

Tsikulo adalawirira, nkupalasa njinga mtunda wonsewo, koma pamalo a msonkhano adapeza pali zii. Msonkhano udali utachitika kale sabata yathayo, kutatsala masiku awiri kuti Lachinayi lija lifike. Midzi idasankhidwa, wawo padalibe. Mpaka lero amayi a m'mudzimo akutungabe madzi kudambo.

Chomwe chidawasokoneza amalume ndi chakuti apa Chichewa ndi Chingerezi zimayenda mopenyana kumsana. Ife tikati chinthu chichitika mtsogolo, ndiye kuti nthawi ikadalipo. Koma Mngerezi akati msonkhano "has been brought forward", akutanthauza kuti auyandikitsa, uchitika msanga kusiyana ndi tsiku lomwe adanena poyamba. Akati "put back" kapena "pushed back", mawu omwe kwa ife akumveka ngati kubwerera m'mbuyo, ndiye kuti aukankhira ku tsiku lakutali.

Vutoli si la kuchepa kwa sukulu ayi. Chiradzulu si boma lachilendo ku Chingerezi. M'busa John Chilembwe atabwerako kumaphunziro ku Lynchburg m'dziko la America adatsegula mishoni ya PIM ku Mbombwe m'chaka cha 1900, ndipo mu 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata ya Chingerezi yodandaula za kulemba anthu akuda usilikali pa nkhondo ya azungu. Ku Nguludi kuli Catholic University yomwe idatsegulidwa mu 2006. Odziwa kuwerenga ndi ambiri. Nkhani ndi yakuti mawu ena a nthawi ngoterera, moti ngakhale eni chiyankhulocho amatsutsana pa tanthauzo lake.

Tengani mawu oti "next Friday". Munthu akawalemba Lolemba, wina amva Lachisanu la sabata yomweyo, wina amva la sabata yamawa. "Bi-monthly" nayo ndi mapasa: ingatanthauze kawiri pamwezi kapena kamodzi pa miyezi iwiri. "By Friday" sikuti mubwere Lachisanu, koma kuti pofika Lachisanu zikhale zitachitika. "Postponed" ndiye kuti msonkhano ulipobe, angousintha tsiku, pomwe "cancelled" ndiye kuti walephereka. "Fortnight" ndi masabata awiri, osati masiku anayi monga ena amaganizira akamva kuyamba kwa liwulo. Nayo "12 p.m." ndi nthawi ya nkhomaliro, si pakati pa usiku.

Manambala nawonso ali ndi msampha wake. Kuno kwathu tikalemba 3/4 timayamba ndi tsiku, kutanthauza pa 3 Epulo. Ku America amayamba ndi mwezi, choncho 3/4 yomweyo ndi pa 4 Malichi. Makompyuta ndi mafoni ena amatsata kalembedwe ka ku America, ndipo mlembi wosachenjera angaitanire anthu ku msonkhano wa mwezi wina asakudziwa.

Zonsezi zikadakhala nkhambakamwa chabe misonkhano ikadakhala yochepa. Koma kuchokera mu 1998, pomwe boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, nkhani zambiri za chitukuko zimayambira m'makomiti a VDC, nkupita ku ADC, kenako ku khonsolo. Omwe amakhala m'makomitiwa ndi alimi, ogulitsa tomato pa Mbulumbuzi, a kabaza a pa Namitambo. Amakambirana m'Chichewa, ena m'Chiyao kapena m'Chilomwe, koma makalata owaitana kawirikawiri amabwera m'Chingerezi. Munthu akaphonya tsiku, wataya ndalama ya thiransipoti, wataya tsiku la kumunda, ndipo nthawi zina mudzi wonse wataya mwayi.

Kuchipatala nkhaniyi ndi ya moyo. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma oyamba m'dziko muno kulandira mankhwala otalikitsa moyo, pomwe bungwe la madotolo la MSF lidayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2001. Mu 2008 kudayambanso dongosolo loti omwe akupeza bwino azionana ndi dotolo kamodzi pa miyezi 6, koma azikatenga mankhwala pa miyezi itatu iliyonse. Dongosolo lotere limayenda pokhapokha wodwala akudziwa bwino tsiku lake.

Komatu azachipatala ali ndi kalembedwe kawokawo m'kabuku ka kuchipatala. Akalemba "review 2/52" akunena kuti mubwerenso pakatha masabata awiri, poti chaka chili ndi masabata 52. Akalemba 5/7 ndi masiku asanu, ndipo 3/12 ndi miyezi itatu. Wodwala kapena womuyang'anira akawerenga 3/12 ngati pa 3 Disembala, mankhwala angamuthere m'nyumba akudikira tsiku lomwe palibe adamuuza. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musadatuluke m'chipinda cha dotolo, pemphani kuti akutchulireni tsikulo pakamwa, ndipo ngati nkotheka alilembe lonse.

Palinso mbali ya ulemu, makamaka popempha kuonana ndi akuluakulu monga bwanamkubwa, mphunzitsi wamkulu kapena phungu. M'Chichewa ulemu uli m'mawu momwemo: "inu" ndi wosiyana ndi "iwe". Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha wa mwana ndi wa mfumu yemwe, choncho ulemu umabisala m'timawu tina. Kulemba kuti "I want to see you on Monday" kumamveka ngati mukulamula, ngakhale mumtima mwanu mutagwada. Koma "I would like to request an appointment" ndi pempho, ndipo "Would Monday at 10:00 a.m. suit you?" kumampatsa mwini ofesi mpata wosankha. Musaiwale kunena mwachidule chomwe mukudzera, ndi kupempha yankho ndi mawu oti "Please confirm". Kalata yosayankhidwa si chilolezo choti muyambepo ulendo.

Kwa olemba makalata oitanira anthu ku misonkhano, mankhwala ake ngapafupi. Siyani Chingerezi chokometsera. Lembani dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu osati m'manambala, nthawi ndi malo, motere: "The meeting will be held on Tuesday, 14 October, at 9:00 in the morning at Namitambo." Ngati tsiku lasintha, tchulani lakale ndi latsopano lomwe, kuti wowerenga aone yekha ngati mwaliyandikitsa kapena mwalitalikitsa. Ndipo palibe lamulo loletsa kuwonjezera mzere umodzi wa Chichewa pansi pake. Chichewa chakhala chiyankhulo cha fuko lino kuyambira mu 1968, sichingachotse ulemu wa kalata ya ofesi.

Amalume aja udindo sadausiye. Chomwe adasintha ndi chimodzi: uthenga uliwonse wa msonkhano ukafika, amaimbira foni yemwe watumizayo nkumubwerezera m'Chichewa tsiku, deti ndi nthawi, mpaka avomere. Akuti mayunitsi a mphindi imodzi ngotchipa kuyerekeza ndi mjigo.