Kusankha Chipewa cha Njinga Yamoto

Masiku ano njinga zamoto zachuluka kuno ku Mphunzi. Tikafuna kupita ku msika wa Chimbiya, ku Linthipe kapena ku boma ku Dedza timakwera kabaza. Wodwala amapita ku chipatala pa kabaza. Matumba a kachewere nawonso amatuluka m'mudzi pa njinga yomweyo. Njinga yamoto yatithandiza ndithu.

Komatu njinga yamoto ilibe denga, ilibe zitseko. Munthu akagwa, thupi lake ndilo limafika pansi. Mwendo ukathyoka madokotala amaulumikiza. Bongo ukavulala, kawirikawiri subwereranso mwakale. Ena amamwalira, ena amatsala osayankhula kapena osatha kugwira khasu. Nchifukwa chake pali chipewa choteteza mutu, chimene ambiri amachitcha helemeti.

Lamulo la pamsewu la dziko lathu, limene lidakhazikitsidwa mu 1997, limati woyendetsa njinga yamoto ndi wokwera kumbuyo onse avale chipewachi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti chipewa chovala bwino chimachepetsa imfa za pangozi ndi 42 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti pa anthu 100 amene akadafa chifukwa chosavala, pafupifupi 42 akadapulumuka. Kuvulala kwa mutu kumachepa ndi 69 pa 100 iliyonse.

CHIPEWA CHIMAGWIRA NTCHITO BWANJI?

Chipewa chabwino chili ndi zigawo zinayi.

1. Chikhokho cholimba cha kunja. Ichi chimaletsa mwala kuboola mutu.

2. Thovu louma la m'kati, loyera ngati lija amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni. Ili ndilo limapulumutsa moyo. Mutu ukamenya pansi, thovuli limafinyika ndi kumeza mphamvu ya kugundako.

3. Nsalu yofewa yokhudza mutu ndi masaya.

4. Lamba womanga kunsi kwa chibwano.

Chipewa chija amavala omanga nyumba chilibe thovu lotere. Sichidapangidwire njinga yamoto ayi. Mwina wapolisi mungamunamize nacho patali, koma mwala simungaunamize.

MITUNDU YA ZIPEWA

Pali chipewa chophimba mutu wonse pamodzi ndi chibwano. Ichi ndicho chimateteza koposa, pakuti anthu ambiri akagwa amamenyetsa nkhope pansi. Chimathandizanso pa mphepo yozizira ya kuno ku Dedza mu Juni ndi Julayi.

Pali china chophimba mutu ndi makutu, koma nkhope ili poyera. Nchopepuka ndipo sichitentha kwambiri mu Okutobala, koma mano ndi chibwano zilibe chitetezo.

Palinso kachipewa kongokhala pamwamba pa mutu ngati mbale. Aka musataye nako ndalama zanu.

YEZANI MUTU WANU

Nsapato sitigula tisanayese. Chipewa nchimodzimodzi. Mitu yathu njosiyana kukula ndi maumbidwe omwe. Wina mutu wake ngwozungulira, wina ngwautali chakumbuyo.

Pitani kwa telala mukabwereke tepi yoyezera. Ngati tepi ili kutali, tengani chingwe, kenaka muchiyeze pa rula ya mwana wa sukulu. Zunguliritsani tepiyo m'mutu, ipite pamphumi, pamwamba pang'ono pa nsidze, pamwamba pa makutu, mpaka ku nkhongo. Werengani nambala ya masentimita ndipo muilembe pa pepala.

Opanga zipewa ambiri amalemba motere:

S ndi masentimita 55 mpaka 56.
M ndi masentimita 57 mpaka 58.
L ndi masentimita 59 mpaka 60.
XL ndi masentimita 61 mpaka 62.

Chilembochi muchipeza kumbuyo kapena m'kati mwa chipewa. Apa ndi pamene sukulu ya kwacha ikuthandizireni. Mudziwerengera nokha, wogulitsa sakupusitsani.

CHIYESENI MUSANALIPIRE

Nambala yokha siikwanira. Valani chipewacho pomwepo m'sitolo, mumange lamba, ndipo muchite izi:

1. Onani ngati chakhala mowongoka. Mlomo wake ukhale pamwamba pang'ono pa nsidze. Chisapendekere ku nkhongo.

2. Chigwireni ndi manja awiri, muchipotokolere uku ndi uku. Khungu la masaya ndi la pamphumi liyenera kuyendera limodzi ndi chipewa. Chikamazungulira chokha ngati mtondo pa munsi, chakula.

3. Weramitsani mutu. Mnzanu achikankhe kuchokera kumbuyo ngati akufuna kukuvulani. Chikavuka, chisiyeni. Pangozi chidzavukanso chomwecho.

4. Lamba athine moti zala ziwiri zokha ndizo zilowe pakati pa lamba ndi chibwano.

5. Khalani nacho kumutu kwa kanthawi, mphindi khumi kapena kupitirira. Chikamakubayani malo amodzi, monga pamphumi kapena pa khutu, sichikugwirizana ndi mutu wanu. Yesani cha mtundu wina.

Chipewa chatsopano chizigwira mutu wonse mofanana, mothina pang'ono koma mosapweteka. Nsalu ya m'kati imaphwa pakapita masiku. Tsono chimene chikukhwepa lero, mawa chidzakhwepa koposa. Chothinitsa nachonso nchoipa, chifukwa mutu ukayamba kuwawa mudzachivula ndi kuchipachika pa chiwongolero. Chipewa cha pa chiwongolero sichidapulumutsepo munthu.

KODI CHODULA NDICHO CHABWINO?

Kunja kuli zipewa za mtengo wapatali, monga Arai ndi Shoei za ku Japan ndiponso AGV ya ku Italy. Nzopepuka, mpweya umalowa bwino, ndipo nsalu yake imachotseka pochapa. Koma chipewa chodula chimene sichikukwanani chimaposedwa ndi cha mtengo wapakati chokukwanani bwino.

Chofunika ndi chizindikiro chakuti chipewacho chidayesedwa. Yang'anani pa lamba. Ngati pasokedwa kansalu kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira, chidayesedwa potsata malamulo a ku Ulaya, otchedwa ECE 22.05 kapena 22.06. Za ku America zimalembedwa DOT kumbuyo. Koma chenjerani, akamberembere amamata zilembozi pa zipewa zachabechabe. Pisani dzanja m'kati. Thovu louma lija likhale lochindikala ndi lolimba. Ngati mukungomva siponji yofewa ndi pulasitiki, chimenecho nchipewa cha dzuwa basi.

Pa kaunjika samalani kwambiri. Thovu lija limagwira ntchito kamodzi kokha. Chipewa chimene chidachitapo ngozi chimatha kuoneka chatsopano kunja pamene m'kati chidatha kale. Inunso chanu chikamenya pansi mutu uli momwemo, gulani china. Opanga ambiri amalangiza kusintha chipewa pakatha zaka pafupifupi zisanu.

GALASI NDI KASAMALIDWE

Sankhani galasi loyera, loona bwino. Galasi lakuda ndi loopsa usiku ndiponso m'mawa wa nkhungu. Mpweya wanu ukaphimba galasi, litseguleni pang'ono. Polipukuta fumbi, yambani mwalinyowetsa ndi madzi, kenaka mupukute ndi kansalu kofewa kuti lisakalike. Chipewa choyera kapena chowala chimaoneka patali kwa oyendetsa galimoto pa msewu wa M1.

Musachiyanike pa moto. Musachipake penti kapena petulo. Chapani nsalu ya m'kati ndi sopo, iume pa mthunzi.

MAWU KWA OKWERA

Akabaza, khalani ndi chipewa chachiwiri cha wokwera. Amayi ndi abambo, musakwere njinga imene ilibe chipewa chanu. Ena amakana kuvala poopa thukuta la anzawo, nsabwe kapena chipere. Nkhawa imeneyi njomveka. Yendani ndi duku kapena kansalu kopyapyala, muvale kumutu, chipewa chibwere pamwamba. Ndipo mangani lamba, ngakhale ulendo uli wongofika pa chigayo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zigawo zinayi za chipewa.
2. Mutu wa masentimita 58 ufuna chipewa cha chilembo chiti?
3. Chifukwa chiyani chipewa chimene chidachitapo ngozi sitichivalanso?
4. Yezani mutu wanu ndi wa mnzanu. Lembani manambalawo m'kope mwanu.