Sola yotsitsidwa mtengo: yemwe akulipira mbali inayo ndani?

Masiku ano ma ejenti a makampani a sola afika paliponse, ku Makanjira, ku Malembo, ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota. Ena akamatsatsa amati, "iyi ndi ya sabuside." Ndiye anthu amafunsa kuti ngati ili ya sabuside, nanga bwanji tikulipirabe mwezi ndi mwezi? Funsoli ndi lomveka, ndipo tiyenera kulimvetsa tisanasaine pepala lililonse.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi anali ngati anayi basi. Malo opangira magetsi a dzuwa omwe adatsegulidwa ku Nanjoka m'boma la Salima mu 2021 amatulutsa mamegawati 60, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM. Ngati pamudzi panu palibe pholo, mumangowaona pamsewu. N'chifukwa chake boma ndi mabungwe adaganiza zothandiza kuti sola yapakhomo itsike mtengo.

Mu 2019 boma lidachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo monga mapanelo, mabatire ndi ma inveta a sola. Thandizo ilo sitiliona ndi maso chifukwa limathera m'mabuku a wogulitsa. Lomwe ma ejenti ambiri amanena ndi lina. Chaka chomwecho Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomera ndalama zokwana madola 150 miliyoni zofalitsira magetsi m'dziko muno. Zambiri zidapita kolumikiza nyumba ku ESCOM, koma gawo lina lidapita ku thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee, lothandiza makampani a sola monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE kufikira anthu akumidzi.

Apa mpomwe ambiri timasokonezeka. Ndalama za sabuside sizibwera m'manja mwathu ayi. Kampani imayamba yakuikirani sola pamtengo wotsitsa. Kenako anthu ena otumidwa ndi eni thumba amaimba foni kapena kufika pakhomo kudzatsimikiza kuti solayo ilipodi ndipo ikuyaka. Akakhutira, mpamene kampaniyo imabwezeredwa gawo lomwe idakuchotserani. Tingoyerekeza: sola ya K300,000 ikachotsedwa K60,000, inu mukhalabe ndi K240,000 yoti mulipire. Choncho wina akabwera n'kumati perekani kaye ndalama yolembetsa kuti "mudzalandire ndalama za sola", mum'funse bwino munthu ameneyo, chifukwa si mmene zimayendera. Komanso mathumba oterewa amakhala ndi nthawi yake, amatha. Uzani ejenti akutchulireni dzina la pulogalamu yomwe yatsitsa mtengowo, ndipo mitengo yonse iwiri, woyamba ndi wotsitsawo, ilembedwe pa risiti.

Tsopano nkhani yolipira pang'onopang'ono. Mumapereka dipoziti, kenako mumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kulandira manambala otsegulira. Masiku omwe mwalipira akatha, kabokosi kamadzitseka kokha ngakhale dzuwa liswe mtengo. Njirayi imakomera munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Ife ndalama zathu sizibwera choncho. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, achilimira amagona kumtunda. Mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi, mabwato amatha masiku angapo ali pagombe. Kuyambira Novembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, ndipo nthawi yomweyo ndi yomwe feteleza ndi mbewu zimafuna ndalama. Mlimi wa mpunga naye amagwira ndalama zooneka kamodzi pachaka.

Ndiye ife tikuona kuti funso lenileni kwa ejenti si lakuti "pa tsiku ndi zingati?" Mufunseni kuti zonse pamodzi, mpaka solayo ikhale yanu, zikwana zingati. Mufunsenso ngati mungalipiriretu miyezi itatu kapena inayi nthawi yomwe usipa wagwa bwino, komanso kuti mukalephera kulipira kwa masabata angati mpamene amabwera kudzazula. Akazula, ndalama zomwe mudapereka kale zimatani? Ambiri sitifunsa limeneli, eti chifukwa cha manyazi, koma ndi lomwe limapweteka.

Pali abale ena omwe amada nkhawa ndi riba, poona kuti mtengo wolipira pang'onopang'ono umaposa wa kashi. Ma ulama ambiri amalola malonda otere malinga mtengo wonse wagwirizanidwa pachiyambi ndipo susinthanso. Povuta ndi pamene ngongole ikukula chifukwa mwachedwa kulipira. Tengani pepala la mgwirizano mukawaonetse a shehe musanasaine, osati mutasaina kale.

Nanga za mabungwe achifundo? Ambirife tidaonapo mapanelo ali padenga la sukulu, chipatala kapena mzikiti, koma usiku kuli mdima bii. Panelo imatha kukhala zaka 20 ndi kupitirira, pamene batire la asidi limafooka pakangotha zaka zochepa, makamaka kotentha ngati kuno kunyanja. Wopereka mphatso adapita kwawo, ndipo palibe yemwe adasunga ndalama ya batire lina. Bungwe la SolarAid la ku Britain lidayesa njira ina kwa T/A Kasakula ku Ntchisi. Kumeneko sola imaikidwa panyumba popanda banja kuigula. Banjalo limangolipira kangachepe ka magetsi omwe likugwiritsa ntchito, ndipo pali anthu a m'deralo omwe adaphunzitsidwa kukonza zikaonongeka. Ife njira imeneyi ikutikomera kuposa mphatso yongosiya, ngakhale nayonso imadalira kuti anthu azilipiradi. Amene akufuna kupereka sadaka ya sola kumadrasa kapena pa mjigo, ndi bwino akhale pansi ndi komiti n'kugwirizana za bokosi la ndalama zokonzera ntchito isanayambe.

Chinanso, tisanamizidwe pa mphamvu ya kasola kakang'ono. Ka mababu atatu kapena anayi n'kounikira, kutchajira foni ndi kuimbira wailesi. Sikangayendetse firiji yosungira nsomba kapena pampu yothirira kudimba, ndipo sikangadzaze mabatire akuluakulu omwe asiginala amayatsira mababu panyanja. Mukakakamiza, batire limafa msanga ndipo kampani imakana kukusinthirani. Ntchito zimenezo zimafuna mapanelo okulirapo ndi mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA. Ikaikidwa, panelo iziyang'ana chakumpoto, patali ndi mthunzi wa mango, ndipo m'chilimwe muziipukuta fumbi ndi kansalu konyowa m'mamawa isanatenthe.